Madzi Saiwala Khwawa

Mawu oyamba

M'mwezi wa Novembala chaka cha 2018, ndili ndi zaka 15, agogo anga aamuna ananditenga kuti ndikaone nyanja ya Chilwa itaphwa. Kwathu ndi m'boma la Machinga, kumunsi kwa mapiri a Chikala, ndipo agogowo anakhala akupha matemba ndi makumba m'nyanjayi kuyambira unyamata wawo. Tsiku limenelo tinayenda ndi mapazi pamalo pomwe iwo ankapalasa bwato. Matope anali atauma n'kung'aluka, mabwato ali gonegone padzuwa, ndipo anthu ena ankadutsa pa njinga ngati ali pamsewu. Ine ndinagwidwa ndi mantha, koma agogo sanaoneke odabwa. Anati zimenezi anazionapo mu 1968 komanso mu 1995.

Pobwerera, titayenda kuposa ola lathunthu kuchokera pagombe, agogo anaima pa kachitunda ka mchenga pomwe anthu amalimapo chinangwa. Anatapa mchengawo ndi dzanja n'kundifunsa kuti, "Mdzukulu wanga, mchenga wosalala chonchi unabwera ndi ndani kumtunda kuno? Palibe anautuma. Pano panali gombe, nyanja inkafika pompano ife kulibe."

Pa nthawiyo ndinkaona ngati ndi nkhambakamwa chabe za anthu achikulire. Lero ndikudziwa kuti agogo ankanena zomwe akatswiri a sayansi ya nthaka anatsimikiza atayeza ndi zipangizo zawo. M'nkhani ino ndikufuna kunena mfundo imodzi: maonekedwe a zigwa, madambo ndi mitsinje ya ku Machinga ndi Balaka ndi umboni wa momwe nyengo inasinthira kalekale, ndipo umboniwu ndi chenjezo kwa ife. Tikalakwitsa pousiya m'mabuku a Chingerezi, pomwe anthu omwe amagawa malo, kumanga nyumba ndi kulima m'madambomo sakuumva m'chiyankhulo chawo.

Gombe lomwe nyanja inalisiya

Tiyambe ndi nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo, koma madzi amachoka pokhapokha akauma ndi dzuwa. N'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. Ndi nyanja yosazama, m'malo ambiri siposa mamita atatu, choncho mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, gombe limathawa makilomita ambiri.

Koma sizinali choncho nthawi zonse. Kumpoto kwa Chilwa kuli nyanja ina yaing'ono, ya Chiuta, yomwe madzi ake amapita ku nyanja ya Amaramba m'dziko la Mozambique, kenako mu mtsinje wa Lugenda, mu Ruvuma, mpaka ku nyanja ya mchere ya India. Kale Chilwa ndi Chiuta inali nyanja imodzi yaikulu. Chomwe chimazilekanitsa lero ndi chitunda chachitali cha mchenga, chokwera mamita oposa 10 pamwamba pa madzi a Chilwa. Mchengawu unaunjikidwa ndi mafunde komanso mphepo pa nthawi yomwe nyanja inali yodzadza kuposa lero. Madzi atatsika, chitundacho chinatsala ngati mpanda, ndipo Chilwa inatsekeredwa.

Aliyense amene anakwerapo sitima yopita ku Nayuchi anadutsapo pa umboni umenewu, kaya ankadziwa kaya sankadziwa. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, yodzera ku Liwonde kulowera ku Nacala, inatsegulidwa mu 1970, ndipo pofika m'dera la nyanja ziwirizi inatsata chitunda chomwechi. Amisiri a njanji sanasankhe malowa mwangozi. Anaona kuti pakati pa zithaphwi zonsezo, gombe lakale ndilo malo okwera ndi ouma. Mwa njira ina, iwo anawerenga nthaka asanayale chitsulo.

Kodi tingadziwe bwanji zaka za magombe akalewa? Pali njira yoyezera nthawi yomwe njere ya mchenga inaonera kuwala kwa dzuwa komaliza. Njere ikakwiririka imayamba kusunga pang'onopang'ono mphamvu yochokera m'nthaka yoizungulira, ndipo ikaonanso dzuwa mphamvuyo imafufutika. Akatswiri amatapa mchenga mosauonetsa kuwala, n'kukayeza kuchuluka kwa mphamvuyo. Mu 2009, David Thomas wa ku yunivesite ya Oxford pamodzi ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotereyu pa magombe akale a Chilwa. Anapeza kuti m'zaka 44,000 zapitazi nyanjayi inadzadza kwambiri maulendo angapo, ndipo maulendo ena inkakhala yodzadza kwa zaka masauzande isanatsikenso. Ngakhale kafukufukuyu asanachitike, buku la mu 1979 lonena za nyanja ya Chilwa, lomwe analikonza Margaret Kalk ndi anzake, linali litafotokoza kale za masitepe a magombe akale ozungulira chigwa chonsechi.

Choncho kachitunda ka chinangwa komwe agogo anandionetsa si ka dzulo kapena dzana. Ndi chizindikiro choti panali nyengo zina za mvula yochuluka, kapena za kuzizira komwe kunkachepetsa kuuma kwa madzi, moti nyanja inkamiza malo omwe lero pali midzi, masukulu ndi minda ya mpunga.

Pamene Shire anasiya kuyenda

Tsopano tiwoloke mapiri a Chikala kulowera kumadzulo, ku mtsinje wa Shire womwe umachita malire pakati pa Machinga ndi Balaka. Munthu akaima pa mlatho wa Liwonde n'kuona madzi ali tuu kuyenda usana ndi usiku, sangaganize kuti mtsinje woterewu ungaime. Koma unaimapo, ndipo si kale kwenikweni.

Mu 1875 sitima ya Ilala ya amishoni a Livingstonia inalumikizidwa kumtunda kwa mathithi a Shire, n'kuyenda pamtsinjewu mpaka kukalowa m'nyanja ya Malawi. Kwa zaka zingapo sitima zinkayenda pakati pa Matope ndi nyanja. Koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'nyanja anali akutsika, ndipo kuchokera cha mu 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inasiya kuthira madzi mu Shire. Nyanja ya Malombe inasanduka dambo, anthu n'kumalimamo. Mitsinje ing'onoing'ono yothira mu Shire inapitiriza kubweretsa mchenga nthawi ya dzinja, ndipo popeza panalibe madzi amphamvu oukokolola, mchengawo unaunjikana n'kutseka khwawa, bango ndi udzu n'kumerapo. Madzi a m'nyanja atakweranso anachita kuswa mipanda ya mchengayo kuti mtsinje uyambirenso kuyenda.

Izi zimatheka chifukwa chigwa cha kumtunda kwa Shire n'chathyathyathya kwambiri. Kuchokera ku Mangochi kufika ku Matope, mtunda woposa makilomita 100, mtsinjewu umatsika mamita osakwana 10. Ndiponso madzi otuluka kudzera mu Shire ndi gawo lochepa chabe la madzi omwe nyanja imataya. Ochuluka amauma ndi dzuwa. Nyanja ikangotsika mamita ochepa, mtsinje umatha mphamvu. Ikakwera mamita ochepa, mtsinje umasefukira kutali. Madziwe okhotakhota, zithaphwi ndi makwawa akale omwe amaoneka m'mbali mwa mtsinjewu m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, momwe mvuu ndi njovu zimasambira, ndi njira zomwe Shire anayendamo kale n'kuzisiya.

Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, nkhani yake ndi yoopsa kuposa pamenepa. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope omwe anakhala akuunjikana kwa zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zikuluzikulu, moti nyanja yomwe lero ndi yozama pafupifupi mamita 700 inatsika ndi mamita oposa 500. Pa nthawi ngati imeneyo Shire monga timamudziwira kunalibe. Zilala ndi nyengo za mvula zoterezi zinkabwera makamaka chifukwa cha kusintha kwapang'onopang'ono kwa momwe dziko limazungulirira dzuwa, komwe kumasuntha dera lomwe mvula ya m'mayiko otentha imagwa.

Ndikuvomereza kuti si chilichonse chomwe tikuchiona chinapangidwa ndi nyengo. Chigwa cha Shire chinayamba ndi kung'ambika ndi kutitimira kwa nthaka, ndipo mapiri a Chikala ndi miyala yomwe inachokera pansi pa dziko ili yosungunuka zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Zimenezi ndizo zinaumba mbiya. Koma nyengo ndiyo yakhala ikudzadza ndi kukhuthula mbiyayo, ndipo zipsera za kudzadza ndi kukhuthulako n'zimene timalimapo ndi kumangapo.

Momwe mtsinje umasinthira njira

Kuti timvetse chifukwa chake mbiriyi ikutikhudza, tiyenera kuona momwe mtsinje waung'ono umachitira nyanja kapena mtsinje waukulu womwe umathiramo ukakwera kapena kutsika.

Mtsinje ukamatsika m'phiri umathamanga ndipo umanyamula miyala, mchenga ndi dothi. Ukafika pachigwa liwiro limatha, ndiye umatula katundu wake: miyala poyamba, mchenga pambuyo, dothi losalala kumapeto. Pakapita zaka khwawa limadzadza ndi mchenga womwe mtsinjewo watula, mpaka limakwera kuposa malo oyandikana nawo. Tsiku lina mvula yamphamvu ikagwa, madzi amaswa gombe n'kutsegula njira ina. Khwawa lakale limatsala louma, udzu umamera, ndipo pakapita mibadwo iwiri anthu amaiwala kuti unali mtsinje. Nyanja ikakwera, mtsinje umatula mchenga wake kumtunda; nyanja ikathawa, mtsinje umakumba mchenga womwewo pofunafuna gombe latsopano. N'chifukwa chake m'chigwa cha Chilwa muli mizere ya mchenga pakati pa dothi lakuda la makande, ndipo mitsinje yambiri imafika potayika m'njedza isanafike pamadzi oonekera.

Ku Balaka nakonso n'chimodzimodzi. Mtsinje wa Rivirivi, womwe umachokera ku mapiri a ku Ntcheu n'kukathira mu Shire, m'chilimwe umakhala khwawa lotambalala la mchenga lokhala ndi timadzi tochepa. Mlendo angafunse kuti timadzi timeneti tinakumba bwanji khwawa lalikulu chonchi. Yankho n'loti khwawa silikumbidwa ndi madzi a tsiku ndi tsiku, koma ndi chigumula chomwe chimabwera mwa apo ndi apo. Kukula kwa khwawa ndi muyeso wa madzi omwe anadutsapo kale, komanso omwe angadutsenso. Makolo anaifupikitsa mfundo yonseyi m'mawu atatu: madzi saiwala khwawa.

Nyumba ya amalume

Mwambiwu ndinaumvetsa bwino mu 2023. Amalume anga anagwira ntchito ku Johannesburg zaka zisanu ndi ziwiri, akudya movutikira kuti adzamange nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Atabwera anapempha malo, ndipo anapatsidwa pamalo ena otsika, a dothi lakuda, pafupi ndi msewu. Malowo anali okongola, athyathyathya, osafuna kusalaza. Agogo anawaletsa. Anati, "Mwana wanga, apa ndi pakhwawa lakufa. Ine ndili mwana, mtsinje unkadutsa apa usanakhotere uko. Ukamange kuchitunda." Amalume anayankha mwaulemu kuti, "Bambo, zimenezo n'zakale. Chibadwire changa sindinaonepo madzi pamenepa."

Amalume sankanama. Kwa zaka zoposa 30 pamalopo sipanadutse madzi. Koma m'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 600 anafa, enanso mazanamazana osapezeka. Kwathu mtsinje unaswa gombe usiku n'kubwerera m'njira yake yakale. Amalume ndi banja lawo anapulumuka chifukwa anathawira kuchitunda cha chinangwa chija, koma nyumba inagwa, chimanga ndi mbuzi zinapita. Thukuta la zaka zisanu ndi ziwiri linatha usiku umodzi.

Sindikunena izi pofuna kunyoza amalume kapena omwe anawapatsa malo. Onsewo anagwiritsa ntchito umboni womwe anali nawo, womwe ndi zomwe maso awo anaona. Vuto n'loti moyo wa munthu ndi waufupi poyerekeza ndi moyo wa mtsinje. Zaka 30 kwa mtsinje zili ngati kuphethira kwa diso. Munthu wofuna kudziwa komwe madzi angafike asafunse chikumbumtima chake chokha. Afunsenso nthaka, chifukwa nthaka inaona zambiri.

Zomwe ena anganene

Pali anthu omwe angatsutse maganizo angawa, ndipo mfundo zawo si zopepuka.

Oyamba anganene kuti, "Ngati nyengo yakhala ikusintha kuyambira kalekale, ndiye phokoso la kusintha kwa nyengo lomwe tikumva masiku anoli n'lachiyani? Chilwa inaphwa mu 1968 n'kudzadzanso, inaphwa mu 1995 n'kudzadzanso. Idzadzadza basi." Maganizo amenewa ndimawamva kawirikawiri kumudzi, ndipo ndi oopsa chifukwa ali ndi kachoonadi pang'ono. N'zoona kuti nyanja imabwerera. Koma kusintha kwakale kwakukulu kunkatenga zaka masauzande, pomwe kwa lero kukuchitika m'zaka zosakwana 200. Mpweya woipa wochokera ku malasha ndi mafuta wachuluka mumlengalenga kuchoka pa magawo pafupifupi 280 pa miliyoni kufika poposa 420, ndipo dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi. Kwa nyanja yosazama yomwe imataya madzi ake onse kudzera m'kuuma, kutentha kulikonse koonjezera ndi nkhani yaikulu. Chomwe mbiri ikutiphunzitsa si chakuti tisadandaule ayi, koma chakuti nyanja ndi mitsinje yathu n'zosachedwa kugwedezeka. Ngati kusintha kochepa kwa mvula kunaimitsa Shire zaka pafupifupi 20, nanga kusintha kwakukulu kudzatani? Tikumbukirenso kuti mu 1915 kunalibe malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Lero magetsi ambiri a dziko lino amadalira mtsinje womwewu, ndipo kuthimathima kwa magetsi kwa mu 2016 ndi 2017, nyanja itatsika, kunatilawitsa pang'ono chabe. Chotchingira madzi cha Kamuzu ku Liwonde, chomwe chinamangidwa mu 1965, chimathandiza kusunga ndi kugawa madzi omwe alipo, koma sichingalenge madzi nyanja ikatsika kupitirira pakamwa pa mtsinje.

Achiwiri anganene kuti, "Iwe ukuyankhula uli pasukulu. Anthu akamange kuti? Malo alipo?" Ili ndi funso lowawa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe. Dambo lomwe agogo ankalisiyira ng'ombe ndi mbalame lero ndi munda wa munthu. Sindikunena kuti anthu achoke m'madambo. Dambo ndilo limadyetsa mabanja mpunga, ndipo dimba ndilo limapulumutsa anthu chilala chikagwa. Chomwe ndikunena n'choti tisiyanitse pogona ndi polima. Munda ukamira, mlimi amalira chaka chimodzi; nyumba ikagwera ana usiku, maliro ake satha. Makolo ankadziwa kusiyanitsaku: mudzi kuchitunda, munda kudambo. Ngakhale asodzi a pa Chilwa amamanga zimbowera, tinyumba toyandama ta njedza, podziwa kuti pamadzi sipomanga chinthu chokhalitsa. Ngati zitunda zachepa, ndiye mpofunika kuti zomwe zilipozo zisungidwire nyumba, masukulu ndi zipatala, osati kugawidwa mwachisawawa.

Achitatu anganene kuti iyi ndi ntchito ya akatswiri a nthaka ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, osati ya ophunzira ziyankhulo. Apa ndiye ndikutsutsa kotheratu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ntchito ya ife a ziyankhulo

Nzeru zonse ndatchula pamwambazi zilipo kale. Chilwa inalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, ndipo ndi imodzi mwa nyanja zofufuzidwa kwambiri m'dziko muno. Koma pafupifupi zonse zinalembedwa m'Chingerezi, m'mabuku omwe ngakhale wophunzira wa pa yunivesite amavutika kuwapeza. Mfumu yogawa malo ku Mposa, ku Nsanama kapena ku Utale imayankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chichewa. Pakati pa kafukufuku ndi mfumuyo pali phompho, ndipo phompholo ndi la chiyankhulo.

Ena amati ziyankhulo zathu zilibe mawu a sayansi. Pa nkhani ya nthaka ndi madzi, zimenezi si zoona. Tili ndi dambo, dimba, khwawa, mfuleni, dziwe, thawale, chithaphwi, chigwa ndi chitunda. Tili ndi makande, katondo ndi mchenga, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti makande amasunga madzi pomwe katondo amapezeka kumtunda. Mawu oti dambo anachita kubwerekedwa ndi akatswiri a kunja, moti lero amalembedwa momwemo m'mabuku a sayansi a Chingerezi, chifukwa iwo analibe liwu lofotokoza bwino chigwa chosazama, chaudzu, chonyowa m'dzinja, chopanda khwawa looneka. Ngati azungu anabwereka kwa ife, n'chifukwa chiyani ife tikuchita manyazi kuphunzitsa ana athu m'mawu omwewo?

Zolemba ndi nthano zathu nazonso zinasunga mbiri ya madzi. Nkhani ya Napolo, chinjoka chomwe amati chimatuluka m'phiri n'kukokolola zonse polowera kunyanja, imakumbukiridwa pa zomwe zinachitika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo mlembi Steve Chimombo anaigwiritsa ntchito kwambiri m'zolemba zake. Munthu atha kuseka kuti kulibe njoka yotero. Koma anthu akamaloza kuti Napolo anadzera apa, amakhala akuloza njira yeniyeni yomwe madzi, matope ndi miyala zinadutsa, ndipo njira imeneyo ndi yomwe katswiri angaijambule pa mapu ngati malo oopsa. Nthano ndi sayansi zikuloza khwawa limodzi.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, ife ophunzira ziyankhulo tikamasankha mitu ya kafukufuku wa chaka chomaliza, ena mwa ife apite m'midzi ya m'mbali mwa Chilwa, Chiuta ndi Shire kukatolera mawu a nthaka ndi madzi, mayina a malo ndi matanthauzo ake, komanso zomwe achikulire akukumbukira za komwe mitsinje inkadutsa. Anthu omwe anaona kuphwa kwa mu 1968 ali achinyamata tsopano apitirira zaka 70, ndipo sadzakhala nafe mpaka kale. Likulu loona za ziyankhulo ku Zomba, lomwe linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, lingathe kusunga mawu oterewa ndi kuwafalitsa.

Chachiwiri, tigwirizane ndi anzathu ophunzira za nthaka ndi malo kuti zotsatira za kafukufuku zimasuliridwe m'Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe chomveka, choti chingawerengedwe pa wailesi za m'madera kapena pabwalo la mfumu. Kumasulira kwake kusakhale kongosanduliza liwu ndi liwu. Kunena kuti "malo ano ali pachiopsezo" sikugwira mtima ngati kunena kuti "pano ndi pakhwawa lakufa, ndipo khwawa lakufa limadzuka".

Chachitatu, aphunzitsi a m'masukulu a m'maderawa atulutse ana m'kalasi. Mwana wa ku Nayuchi amaloweza za mtsinje wa Nile ndi wa Mississippi, koma palibe amamuuza kuti njanji yomwe amaiwoloka popita kusukulu yagona pagombe la nyanja yakale. Mwana wa ku Balaka amajambula chithunzi cha mtsinje wokhotakhota kuchokera m'buku, pomwe Rivirivi ali pamtunda woyenda pansi. Mwana yemwe waphunzira kuwerenga nthaka ya kwawo ndiye adzakhale mfumu, khansala kapena mmisiri wodziwa pomanga.

Mawu omaliza

Agogo anga sanapite patali ndi sukulu, ndipo dzina la Oxford sanalimvepo. Koma iwo ndi akatswiri aja anatapa mchenga umodzimodzi n'kunena chinthu chimodzi: pano panali madzi. Kusiyana kwake n'koti akatswiri ali ndi zaka ndi manambala, pomwe agogo ali ndi chiyankhulo chomwe anthu a m'mudzi amamva. Tikufunika zonse ziwiri, ndipo woti azilumikize ndi ife omwe tikuphunzira ntchito ya mawu.

Chilwa yomwe ndinaiona itauma mu 2018 inadzadzanso m'zaka zotsatira, ndipo mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa gombe ku Mangochi. Ambiri anati madzi alowa m'malo a anthu. Kunena zoona, m'malo ambiri ndi anthu omwe analowa m'malo a madzi pa nthawi yomwe eni ake anali atachokapo.

Amalume anayambanso kuumba njerwa. Ulendo uno akumanga kuchitunda, pafupi ndi munda wa chinangwa, ndipo asanakumbe maziko anaitana agogo kuti adzaone malowo. Pamalo akale paja anadzalapo mpunga.